Chidole Chovala Chitenje cha Mayi Anga

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikupukuta fumbi pa zidole za munthu wamkulu. Ndikawauza anthu akwathu ku Ntcheu amaseka, amati ku Joni kwandiphunzitsa bodza, koma nyumba ya adona anga ku Brooklyn, dera la anthu olemera kuno ku Joni, ili ndi chipinda chathunthu chogonamo zidole zokhazokha. Si zoseweretsa ana ayi. Ndi tiatsikana tapulasitiki, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika padzanja, tamiyendo italiitali, tovala madiresi oti ine sindidzavalako mpaka kufa. Zina zinaimikidwa m'makabati agalasi, zina zikadali m'mabokosi momwe zinagulidwira. Lamulo loyamba limene ndinapatsidwa tsiku loyamba ntchito linali lakuti bokosi lisatsegulidwe, chifukwa chidole chimene sichinatulukepo m'bokosi ndiye chamtengo. Ndinadzifunsa kuti nanga munthu agulirenji chinthu choti asachigwire, koma wantchito watsopano sachulutsa mafunso. Ndinangotenga nsanza yanga n'kuyamba kupukuta.

Adona anadziwa kuti ndimasoka tsiku lina atandipeza ndikubwezera mkanda umene unathothoka pa diresi la chidole. Kusoka ndinaphunzira kwa mayi anga, a singano ya pamanja, amene ankaphwasula msoko wonse akapeza ulusi umodzi wokhota. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inawonjezereka, ngakhale malipiro sanamve nawo uthengawo. Komabe ndisaname, kusoka tizovalato ndinakukonda. Munthu wongotsuka mbale za eni tsiku ndi tsiku amasangalala akapeza chinthu chimodzi chimene bwana sangathe.

Chaka chilichonse anthu osunga zidole amakumana m'holo ina kum'mawa kwa tauni. Amagulitsana, amasinthana, amachita mipikisano. Chaka chimene ndikunenachi mpikisano wa osoka unali wa chovala cha kwanu, ndipo adona anabwera kukhitchini maso ali gwa, kuti ndisokere chidole chawo chakuda zovala za ku Malawi. Ndinavomera msangamsanga. Ndinapita ku msika wa ku Marabastad kukagula zitenje ziwiri, koma nditaziyeza pa chidolecho zinandichititsa manyazi. Duwa limodzi la pa chitenje linali lalikulu kuposa chidole chonse, ndipo nsalu yatsopano ndi youma, imaima njo ngati katoni. Pankafunika nsalu ya timaluwa ting'onoting'ono, yochapidwa kambirimbiri mpaka kufewa. Nsalu yotero ndinali nayo imodzi, pansi pa sutikesi m'kachipinda kanga ku Soshanguve.

Mayi anga anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Kumaliro sindinapite. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndikanadutsa pachipata sakanandilolanso kubwerera, pamene ana awiri a mng'ono wanga ndi wanga mmodzi amadya kuchokera m'manja mwangamu. Adona anandipatsa maluwa ndi masiku awiri opuma. Ndinakhala pa bedi foni ili m'manja, kumaona tizithunzi timene mng'ono wanga ankatumiza: anthu pansi pa mtengo wa mango, bokosi, dothi lofiira. Misozi inakana. Kwathu maliro sulira wekha, pamafunika wokugwira paphewa, wokuyambitsira nyimbo. Ine ndinali m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, wailesi ya aneba ikuimba za kumowa. Pa tsiku lachitatu ndinadzuka n'kukakwera tekisi, ndipo adona anandiyamikira kuti ndine mkazi wolimba.

Atagawana zovala za malemu, mng'ono wanga ananditumizira chitenje chimodzi kudzera kwa anyamata onyamula katundu pakati pa Joni ndi kumudzi. Chinali chabulauni, cha timadontho tachikasu ngati mapira, chimene amayi ankavala popita kudimba. Ndinachinunkhiza kamodzi n'kuchitsekera m'sutikesi.

Chimenecho ndiye ndinachidula. Ndinadziuza kuti ndikungochotsa kam'mphepete, kotalika ngati dzanja limodzi ndi theka, ndipo chidolecho chikabwerako ku mpikisano chidzaima m'kabati momwe ndimapukuta Lachinayi lililonse, ndiye kuti amayi ndizidzawaona kuntchito. Koma chifukwa china chinali kunyada basi. Ndinkafuna azungu aja aone msoko wa mwana wa mayi anga. Ndinasoka chilundu chathunthu: bulauzi ya manja otukumuka, chitenje chake, kaduku kumutu, ndi timabatani titatu kumsana. Kanatsala kansalu kowonda, ndinakazunguliza pamimba pa chidolecho, kukoka zolimba, n'kumanga mfundo. Sindinaganize kanthu, manja anangochita okha.

Loweruka la chionetserocho ndinanyamuka m'mamawa, tekisi ya ku tauni, ina ya ku Brooklyn, kenako galimoto ya adona, ine kumbuyo nditafungata makatoni. Titalowa m'holomo ndinaima kaye pakhomo. Matebulo mizeremizere, ndipo pa tebulo lililonse timaso tambirimbiri tosaphethira. Panali agogo oyenda ndi ndodo, azibambo a ndevu zawo, atsikana a tsitsi lofiirira ngati biringanya, amwenye, ndi anthu akuda angapo ovala bwino amene sanandiyang'ane kawiri. Mwana ndinaonapo mmodzi yekha, manja atamugwiritsa kumbuyo. Mayi wina ankapesa tsitsi la chidole ndi mswachi, akuchilankhula. Pa tebulo lina ankagulitsa mitu yokhayokha m'beseni, pena nsapato zazing'ono ngati njere za nyemba. Ndinaseka ndekha, ndikuganiza kuti anthu akwathu akanalowa muno akanathawa osatsanzika, n'kukauza abusa.

Zidole za mpikisano zinaikidwa kutsogolo, pa tebulo la nsalu yoyera lotchingidwa ndi chingwe chofiira. Mayi wina wovala magolovesi oyera analandira chathu n'kuchiimika pakati pa china chovala za Chizulu ndi china cha chipewa chachikulu cha Maburu akale. Pa kakhadi adona anali atalemba dzina lawo ngati mwini chidole, ndipo pansi pake dzina langa ngati wosoka. Pamenepo ndinawakonda. Mtima wanga unali m'malo mpaka pamene tinkabwerera ku tebulo lathu, adona n'kunena ngati nkhani wamba kuti ayamba kale kuchisowa chidolecho.

Ndinafunsa kuti chikupita kuti.

"Sindinakuuze kodi? Zidole zonse za mpikisano timazipereka. Masana achita mayere, anthu agula matikiti, ndalama zake zipita kosungira agalu osowa kwawo."

Chitenje cha mayi anga, chimene chinayenda masiku atatu pamsewu kudzandipeza, chinali kupita kwa munthu wosamudziwa kuti agalu adye. Ndinatsegula pakamwa, koma pomwepo panafika mayi wina wofuna kuona chidole cha diresi laukwati, adona n'kutembenuka. Ndipo ndikanati chiyani? Za mwini nsaluyo sindinawauze. Ndikanayamba bwanji kufotokoza kuti ndinadula chovala cha malemu n'kuveka chidole? Ngakhale mng'ono wanga sindinamuuze, ndinkadziwa mawu amene akanandiyankha.

Kuyambira pamenepo mpando unandikana. Ndinkakhala pang'ono, kuimirira, kukonza mabokosi okonzedwa kale, kupita kuchimbudzi kopanda chokachita, pobwerera n'kudzera ku tebulo la nsalu yoyera. Chinali pomwepo, dzanja lili m'chiuno. Anthu ankawerama, kujambula, kuyamikira kuti kalamba ka pamimbako n'kokongola. Ndinayeza ndi maso kuchokera pa chingwe kufika pa chidole, ndipo mkono wanga ukanafika bwinobwino. Koma mayi wa magolovesi sankachoka, pamwamba panali kamera, ndipo Mmalawi wopanda mapepala satola ngakhale phini ya pansi.

Ndinabwerera kwa adona kachiwiri. Ndinati, kodi sizingatheke kuti chidole chipite koma zovala zitsale, ndidzasoka zina zabwino kuposa izi? Anaseka mokoma mtima, n'kundisisita pamkono.

"Ukuchita nsanje ndi ntchito yako! Osoka onse amatero. Khadi likangoikidwa palibe wokhudza, ndi lamulo. Udzasoka china, nsalu sizikutha ku Marabastad."

Ndinapita kukagula tikiti imodzi. Wogulitsayo anali ndi mabuku a matikiti mulu, ndipo bambo amene anali patsogolo panga anagula buku lathunthu. Yangayo ndinaipinda n'kuilowetsa m'kamisolo, kenako ndinaitulutsa kuti ndionenso nambala, kenako ndinaibwezera. Chakudya cha masana adona anandigulira, koma chinangouma m'manja. Ndinadutsa pa tebulo la zidole zosatsegulidwa, nkhope zili kuseri kwa pulasitiki yoonekera, ndipo zinandikumbutsa kagalasi ka pa bokosi kamene anthu amaonerapo nkhope ya malemu, mwambo umene ine ndinauphonya. Ndinachokapo mofulumira.

Ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi ndinapeza pa chingwe paja pataima mayi wina wokolopa m'holomo, wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, wojintcha, wovala ovolosi yabuluu, mopo ili m'manja. Sankakolopa. Ankayang'ana chidole changa, kenako khadi, kenako ine, n'kundipatsa moni m'chinenero cha kuno.

"Dumela, sesi. Surname iyi pa card, ndi wena?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Eish. Ndiwe wa ku Nyasaland. Abambo anga anali a kumeneko, anabwera ku migodi kalekale. Ine ndinabadwira ku Mabopane, Chichewa changa ndi half half, usandiseke." Analoza chidolecho ndi mtengo wa mopo. "Manje tandiuza. Wamwalira ndani?"

Ndinamuyang'ana osamvetsa.

"Wamumanga pamimba mos. Tsiku limene abambo anga anamwalira, azimayi a ku Malawi anabwera ku nyumba, anawamanga amayi anga so, ndi nsalu, tight. Anati munthu wolira samadya, m'mimba mumakhala empty, ndiye amamumanga kuti asagwe. Ndinali ndi nine years koma sindiiwala. Azungu awa akuti ndi belt ya fashion. Ine ndaona kuti doll iyi ili pa maliro."

Ndinayang'ananso chidolecho, ndipo ndinaona zimene manja anga anachita. Mfundo ija inali ya anamfedwa, yomangira pambali, yokoka mpaka mpweya kubanika. Ndinaionapo pa azakhali anga, pa mayi anga omwe tsiku limene tinaika bambo. Pa kachithunzi ka pa foni mng'ono wanga anali ataimangidwa ndi azimayi a mvano. Ine palibe anandimanga, ndiye ndinamanga chidole.

Ndinamuuza zonse, mwachidule, maso ali pansi. Ndinkayembekeza kuti andidzudzula. Iye anangoti, "Haibo, mwana iwe," n'kutsamira mopo wake. Kenako kapitawo wawo anamuitana kuti wina wataya khofi pakhomo, ndipo anapita akung'ung'udza.

Zotsatira za mpikisano analengeza cha m'ma 3 koloko. Tinakhala achiwiri. Adona anandikumbatira pamaso pa anthu, anandipatsa kariboni kabuluu, ine kumwetulira ngati wojambulitsa chiphaso. Kenako anabweretsa ndowa ya matikiti. Ankanyamula chidole chimodzichimodzi, kupisa dzanja m'ndowa, kuwerenga nambala, wina n'kukuwa. Tikiti yanga inali itanyowa ndi thukuta. Atanyamula changa ndinapemphera pemphero lopanda ulemu, lomukumbutsa Mulungu kuti pa zaka zitatu zonsezi sindinamuvutitsepo ndi kanthu. Nambala imene anawerenga sinayandikire n'komwe yanga.

Amene anaimirira anali bambo uja wogula buku lathunthu, chimzungu chachikulu cha ndevu zofiira ndi zojambula m'mikono, kabudula wa kaki ngati mlimi. Analandira chidolecho ndi zala ziwiri n'kubwerera ku tebulo lake kumapeto kwa holo. Miyendo yanga inamutsatira yokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo manyazi anali atandithera.

Pa tebulo lake panali timabotolo ta penti, timaburashi, ndi zidole zambiri zosavala, zina zopanda nkhope. Bamboyo ntchito yake inali kufufuta nkhope za zidole n'kujambula zatsopano. Anakhala pansi, anapinda mawondo a chidole changa, anapotokola dzanja lake, anachiyang'anitsa kuwala kuti aone khungu, akulankhula ndi mnzake m'Chiburu mosangalala. Chilundu sanachiyang'ane n'komwe. Anakankha kaduku ndi chala, kanagwera pa tebulo. Kenako anatenga kasizasi n'kulowetsa nsonga yake pansi pa mfundo ija.

Ndinakuwa. Sindikumbuka kuti m'chinenero chanji, koma anthu a matebulo atatu anacheuka. Bamboyo anaimitsa dzanja. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti asadule, wosoka ndine, kumsana kuli mabatani. Anachita manyazi mpaka makutu kufiira. Anapepesa, n'kufotokoza kuti iye chimene ankafuna ndi thupi la chidolecho, lopindika m'mfundo zonse, la khungu losowa, ndipo zovala amangoziponya m'bokosi la zosinthana. Analoza katoni ya pansi pa tebulo, yodzaza timadiresi topiringizana.

Mtima wa munthu ndi wovuta. Tsiku lonse ndinali kupempha kuti nsaluyo ibwerere, koma nditamva kuti sakuifuna ndinapsa mtima. Milungu iwiri ya kusoka, msoko woti mayi anga sakanaphwasula, iye osauona n'komwe! Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ayang'ane bwino mpendero wake. Koma ndinameza mawu, n'kufunsa ngati ndingatenge zovalazo. Anandipatsa chidolecho ndi manja awiri kuti ndichivule ndekha.

Mabatani ndinamasula. Mfundo inandikanika. Ndinali nditaikoka kwambiri. Ndinayesa ndi chikhadabo, ndinayesa ndi dzino, bamboyo akuyang'ana kumbali mwaulemu. Kenako ndinamva fungo la sopo wokolopera, ndipo dzanja lonenepa linalanda chidolecho.

"Bweretsa kuno. Namfedwa samadzimasula yekha."

Anali mayi wa mopo uja. Anachotsa phini pa ovolosi yake, anatokosa mfundoyo kawiri, inamasuka. Anavula chidolecho bwinobwino, anapinda bulauzi, chitenje, kaduku ndi kansalu kaja, zonse pamodzi zosadzaza chikhatho, n'kundifumbatitsa. Chidole anachibwezera kwa mwini wake ndi mawu awiri a Chiburu amene anamuseketsa. Kenako anandigwira pamkono ngati mwana wothawa jakisoni.

Tinadutsa pa tebulo la adona, amene ankalongedza mabokosi. Anandiitana kuti ndiwathandize, koma mayiyo anawayankha osaima kuti ndikubwera, ndili ndi zovuta. Anandilowetsa m'kachipinda kosungira zidebe ndi matsache kuseri kwa siteji, n'kutseka chitseko ndi phazi. Munali mothina, mababu a magetsi akale ali m'katoni, mipando yothyoka itasanjikizana. Anavula duku lake lalikulu, tsitsi la imvi n'kuonekera, analipotokola, analizunguliza pamimba panga pamwamba pa yunifolomu, n'kukoka. Anakoka zenizeni, mpaka ndinagwira shelefu.

"Amayi ako dzina lawo ndani?"

Ndinawatchula. Zaka zitatu ndinali ndisanalitchule mokweza.

"Pepani maliro," anatero, ndipo mawu awiri amenewa anatuluka m'Chichewa choongoka, cha bambo ake. "Nyimbo zake sindizidziwa, ndinaiwala. Koma ndakugwira. Lira."

Kunja ankawerengabe manambala, anthu akuwomba m'manja. Ine ndinalira mayi anga mokuwa, mmene timalirira kwathu, kuwaitana, kuwafunsa kuti andisiyira yani, kuwapepesa kuti sindinabwere, kuwapepesanso za chitenje. Sindinagwe, mayiyo anali atagwira mfundo ndi dzanja limodzi, linalo akundisisita pamsana. Sindikudziwa kuti tinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Nditatopa anandipatsa madzi a m'botolo lake, anandipukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi, n'kunena kuti duku ndipite nalo, ndisalimasule mpaka ndikafike kunyumba.

Nditatuluka adona anali atanyamula okha makatoni onse kupita nawo ku galimoto. Anayang'ana maso anga, anayang'ananso nsalu ya pamimba panga. M'galimoto ndinawauza mwini chitenje chija. Mmalo mokhotera ku Brooklyn anandiperekeza mpaka pokwerera matekisi a ku Soshanguve.

Mayi uja sindinamufunse dzina. Chaka chotsatira ndinapitanso kuholo kuja ndi duku lake, lochapa ndi kusita, koma okolopa anali ena, ndipo palibe ankamudziwa. Lili m'sutikesi, pamodzi ndi chitenje cha amayi. Tizovala ta chidole tija ndinatiphwasula n'kubwezera tizidutswa take pa chitenjecho ndi singano ya pamanja. Msoko ukuoneka, ndipo ndinausiya dala kuti tsiku limene ndidzafike kumudzi mng'ono wanga adzandifunse, ndidzamuuze kuti maliro a amayi ndinalira kuti.